Mbuzi Yophedwera M'chigafa

M'midzi yozungulira Chisepo, mukafunsa za a Yoswa Kamtedza anthu amayamba ayang'anana kaye. Koma mukati a Hambopayi, aliyense akulozerani nyumba ya malata ofiira yomwe ili pafupi ndi mjigo. Dzinali analitenga m'kalasi, ndipo anapuma nalo pantchito pamodzi ndi njinga yawo yakuda ndi jekete limodzi la zigamba m'zigongono.

Anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu ndi zinayi, poyamba kwa Msakambewa, kenako pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi kwawo. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Ana amene anadutsa m'manja mwawo ankakhoza mayeso, ndipo lero ena ndi manesi, ena ali m'maofesi ku Lilongwe. Koma matama anali nawo odzaza dengu. Chaka chilichonse, sabata yoyamba ya Sitandade 8, ankalemba pabolodi mawu atatu akuti eat humble pie, n'kudula mzere kunsi kwake mwamphamvu mpaka choko kuthyoka. Ndiye ankafotokoza akuyendayenda, manja ali kumbuyo. Ankati kale ku Mangalande bwana akapha nyama kutchire ankadya minofu, antchito n'kupatsidwa chitumbuwa cha zam'mimba. Choncho Mzungu akanena kuti wina wadya chitumbuwa chimenecho, ndiye kuti munthu amene ankadzimva uja watsika, wavomera pamaso pa anthu kuti analakwa, ndipo wavomera kwa munthu yemweyo amene ankamuderera.

Ana sankamvetsa. Kwathu kuno matumbo okulunga bwino ndi chiwindi zimapita m'mbale ya akuluakulu, ndiye chonyozeka n'chiyani pamenepo? Mtsikana wina anafunsapo ngati Azunguwo mitu yawo inkayenda bwino, kalasi yonse n'kufa nako kuseka. Aphunzitsi sanaseke nawo. Anati nkhani si matumbo, nkhani ndi kumeza chinthu chimene mmero ukukana, anthu akukuonerera, ndipo osawonjezerapo mawu oti koma. Mwana aliyense wotsutsana nawo ankaimitsidwa kutsogolo kuti adye hambopayi wake, kutanthauza kunena mokweza kuti ndalakwa. Anadya ana mazanamazana. Eni mawuwo, pa zaka zonsezo, palibe anawamvapo akupepesa munthu, ngakhale malemu akazi awo.

Mwana mmodzi yekha ndiye anakana, ndipo anali Mahmud, wa m'banja lina la Chisilamu la pa Chisepo. Chaka chimenecho, mayeso atayandikira, sukulu inakonza kaphwando kotsanzikana ndi a Sitandade 8. Aphunzitsi Kamtedza anapha okha nkhuku zinayi kuseri kwa ofesi. Mbale zitagawidwa, Mahmud anabweza yake mwaulemu, nati kwawo sadya nyama yomwe sanazinge Msilamu. Aphunzitsi anaona ngati mwanayo akunyansidwa ndi manja awo. Anamuimitsa pakati pa bwalo, mbale ili m'manja, n'kulamula kuti asachoke mpaka atadya ndi kuvomera kuti ndi wamwano. Anzake anadya, anavina, dzuwa linapendeka, iye ali chiimire, msuzi utaundana m'mbale. Chakumadzulo anaika mbaleyo pansi bwinobwino n'kumapita. Mayeso sanadzalembe, ndipo kusukulu sanabwererenso.

Tsopano Mahmud ndi bambo wa imvi za apo ndi apo, ndipo ndiye amazinga mbuzi pamsika wa Chisepo. Munthu aliyense m'midzi yathu akakhala ndi ukwati, maliro kapena phwando loti kubwera Asilamu, amatengera chiweto kwa iye kapena kumuitana m'mamawa, kuti alendo onse adye momasuka. Mwambowu sunalembedwe paliponse, koma ngakhale akuluakulu a mpingo amautsata. A Kamtedza okha ndiwo ankalambalala mtengo umene Mahmud amagwirira ntchito. Akafuna nyama ankatuma munthu, ndipo akamadutsa pamsika ankayang'ana mbali ya ogulitsa tomato ngati kuli wina akuwaitana.

Zikanakhala choncho mpaka kumanda pakanapanda Tikondwe, mwana wa mlongo wawo Magdalena. Tikondwe anakondana ndi Anwar, mwana wa a Yakubu, eni sitolo ya mbewu ndi zitsulo za njinga pa Chisepo. A Yakubu sanavute. Amene anavuta ndi mayi Kulusumu, amayi ake a Anwar, omwe ananena poyera kuti mtsikanayo sakumukana, koma akuopa mtundu wake. Ankati adzukulu awo akamadzapita kukacheza kuchikazi adzadyetsedwa chilichonse, anthu n'kumaseka kuseri. Anwar anachonderera chaka chathunthu, mpaka mayiwo anavomera chinthu chimodzi chokha, kubwera kudzaona pakhomo pa Magdalena ndi kudya nawo kamodzi. Akakhutira, ankhoswe ayambe kukambirana za chinkhoswe. Akapanda kukhutira, nkhani ithere pomwepo.

A Kamtedza ndiwo anali atsibweni aakulu a Tikondwe, eni mbumba, ndipo unkhoswe wa kuchikazi unali wawo mosachita kufunsa. Mwanayo anamulera ndiwo bambo ake atamwalira, anamuphunzitsa kuwerenga ali pamiyendo pawo, ndipo ankamukonda kuposa mmene nkhope yawo inkaonetsera. Anapereka mbuzi yawo yofula, yonenepa, nauza Magdalena kuti za kuzinga azisiye m'manja mwawo.

Loweruka, tsiku lobwera alendo, m'mamawa anaimanga pakaliyala n'kupalasa kupita ku Chisepo. Kunali kozizira monga kumachitira mu Julayi, mphepo ikuulutsa mapesi m'minda yokolola kale, mbuzi ikulira njira yonse. Atafika pamphambano anamuona Mahmud pansi pa mtengo wake akunola mpeni, amuna anayi atamuzungulira akuseka nkhani ina. Aphunzitsi anatsika panjinga n'kuyamba kuyeserera mumtima mmene ayambire. Kumulamula ngati mwana wasukulu sizikanatheka. Kumupempha ndiye kuti amuna anayiwo afalitsa msika wonse kuti a Hambopayi agwada. Anaima pamenepo nthawi ndithu, mpaka mayi wina wogulitsa mbatata anawafunsa ngati mbuziyo ili pamalonda. Anatembenuza njinga.

Pobwerera sanalunjike kumudzi. Anakhotera kumunda kwawo, m'chigafa momwe fodya anali atachokamo kale, anamanga mbuzi miyendo ndi luzi n'kuipha okha. Anasenda, anaduladula, magazi anawakwirira ndi dothi, chikopa anachikoloweka pamtanda wa chigafa. Pogwira ntchitoyo ankadzilimbitsa mtima ngati akuphunzitsa kalasi. Mbuzi ndi mbuzi, mpeni ndi mpeni, nanga ndani angasiyanitse nyama ikalowa m'poto ndi anyezi? Anafika pakhomo nyama ili m'thumba pakaliyala, ndipo Magdalena atafunsa, anayankha akumasula chingwe kuti a Mahmud azinga ndipo akupereka moni.

Magdalena anakondwa kwambiri. Iye kumbali yake sanasiye kanthu. Anagula mapoto awiri atsopano kuti pasakhale chokayikitsa, anapempha oyandikana nawo kuti nkhumba zawo zitsekeredwe m'khola tsiku lonse, ndipo anaitana amayi atatu a kumpingo kuti amuthandize kuphika. Tikondwe anasesa bwalo katatu, anasintha chitenje kawiri.

Alendo anafika dzuwa lili paliwombo, pa galimoto yaing'ono ya a Yakubu. Anatsika a Yakubu atavala mzuli woyera, anatsika Anwar, anatsika mayi Kulusumu atafunda mpango kumutu, ndipo pomaliza anatsika munthu amene palibe ankamuyembekezera. A Yakubu anafotokoza kuti atsibweni ake a Anwar awatengera kuchipatala ku Mtengowanthenga m'mawa womwewo shuga atakwera, ndiye apempha wachibale wa mayi Kulusumu kuti aimire ngati nkhoswe ya kuchimuna. Anali Mahmud, atavala mkanjo wosita bwino.

Mahmud anawapatsa moni a Kamtedza ndi manja awiri.

"Muli bwanji, aphunzitsi?"

"Ndili bwino, kaya inu," anayankha, mawu akutuluka ngati a munthu wachimfine.

Anaganiza zokokera Magdalena pambali, koma akanamuuza chiyani? Komanso mlongo wawoyo anali atakhala kale pamphasa pakhonde ndi mayi Kulusumu. Amuna anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango, pafupi moti mbali zonse ziwiri zinkamvana. A Yakubu anayambitsa nkhani ya fodya wa chaka chino, kenako ya feteleza, kenako ya msewu. Pa nkhani zoterezi a Kamtedza sapatsa mnzawo mpata, koma tsiku limeneli ankangoti eya, n'zoona, maso ali kukhitchini. Anayamba kudzitonthoza kuti mwina palibe afunse, kuti anthu a ulemu safunsa za m'poto mwa eni ake. Anali ndi mantha enieni, amene anali asanawamvepo ngakhale masiku amene oyendera sukulu ankabwera mwadzidzidzi.

Tikondwe anabweretsa mabakuli, akugwada pa lililonse. Munali mpunga, nyemba, kabichi, ndipo bakuli lalikulu linali la nyama, fungo lake lofika mpaka kumjigo. Kenako anabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda, nayamba kusambitsa a Yakubu m'manja. Apo ndi pamene mayi Kulusumu analankhula, modekha, akuyang'ana Magdalena.

"Pepani amayi, musandione ngati wamwano, ndi chizolowezi chathu kufunsa. Mbuziyi wazinga ndani?"

Magdalena anaseka ndi mtima wonse, poti funsoli ankalidikira ngati mwana amene wawerenga bwino.

"Funsani ankhoswe anuwo, amayi. Ndi manja awo omwewo. Achimwene anapita nayo okha m'mamawa kwa a Mahmud."

Nkhope ya mayi Kulusumu inamasuka koyamba chifikireni. Anatembenukira kumtengo wa mango.

"Mahmud, ndiye osatiuza m'galimoto muja?"

Tikondwe anali atafika pa Mahmud ndi beseni, koma iye manja anawasiya pamaondo.

"Yambani mwasambitsa aphunzitsi," anatero chapansipansi.

Ndiye anawayang'ana aphunzitsiwo. Sanali maso aukali, ndipo a Kamtedza akanakonda akanakhala aukali. Anali maso a munthu amene akudikira basi. A Yakubu, osadziwa kanthu, anavundukula bakuli la nyama n'kuyamba kupakulira pa mpunga wawo. Anwar naye anatenga supuni.

Mutu wa aphunzitsi unathamanga. Ankadziwa bwino kuti Mahmud sangalole abale ake kudya nyama imeneyo, poti anakana yekha ali mwana, dzuwa likumuwotcha. Akangokhala chete pang'ono pokha, Mahmud alankhula, ndipo wabodza pamaso pa alendo akhala Magdalena, amene wangotchula dzina lake akuseka. Bodza lina linafika lokha pa lilime, lokonzakonza kale. Akanatha kunena kuti mlongo wawo sanamvetse, kuti anapeza Mahmud ali wotanganidwa ndipo anazinga Msilamu wina wapaulendo. Mwina zikanadutsa lero. Koma pa Chisepo Asilamu amadziwana onse, ndipo chikopa chinali chikali pamtanda m'chigafa. Anayang'ana Tikondwe, amene anali atagwada patsogolo pawo ndi jagi, akumwetulira mwamanyazi, akuganiza kuti zonse zikuyenda bwino. A Yakubu anatchula dzina la Mulungu chapansipansi monga amachitira asanadye, nanyamula nthuli ya nyama.

"A Yakubu, taimani. Musadye."

A Kamtedza anali ataimirira osadziwa kuti aimirira liti. Anavula chipewa.

"Mbuziyi sanazinge a Mahmud. Ndapha ndekha m'chigafa mwanga m'mawa uno. Mlongo wangayu ndamunamiza, mwanayu sakudziwa kanthu. Ndinafika nayo pa Chisepo, ndinawaona a Mahmud, ndipo ndinachita manyazi kuwapempha chifukwa cha zimene ndinawachita ali mwana wasukulu."

Mawu oti koma anafika pakhosi, ndipo anali ambiri. Koma ndine wokalamba, koma ndimafunira mwanayu zabwino, koma nyama yake ndi yabwinobwino. Anawameza onse, ndipo anazindikira kuti zaka zonse zija ankaphunzitsa chinthu chimene kuwawa kwake sankakudziwa. Anatembenukira kwa Mahmud.

"A Mahmud, tsiku lija munalondola ndinu. Ndinakuchititsani manyazi pagulu, sukulu inakutherani panjira chifukwa cha ine. Lero ndimafuna kudyetsa abale anu chomwecho chimene inu munakana. Ndalakwa."

A Yakubu anabweza nthuli ija m'mbale n'kupukuta zala pa mpango wa m'thumba, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Magdalena anadziphimba kumaso ndi chitenje. Tikondwe anali chigwadire, jagi itapendekeka, madzi akutayikira pansi iye osaona. Kukhitchini amayi atatu aja anali atasiya kutsuka mbale, ndipo a Kamtedza ankadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhaniyi ikhala itafika kumjigo, kumpingo ndi kumsika.

Kenako Mahmud anayankha.

"Ndinakuonani m'mawa pamphambano, aphunzitsi. Mpeni uja ndimanolera mbuzi yanu. Mukanangoimika njinga pamtengo paja, osalankhula chilichonse, ndikanazinga."

Mawu amenewa anawapweteka kuposa kutukwanidwa. Anangogwedeza mutu.

"Za sukuluzo ndamva," anapitiriza Mahmud. "Sindinganame kuti zatha lero."

A Kamtedza anati m'khola mwatsala mbuzi ina, ndipo ngati alendo angapirire pang'ono, a Mahmud azinge pompano onse akuona. A Yakubu anayang'ana akazi awo. Mayi Kulusumu anali ataimirira kale, akukonza mpango wawo.

"Lero njala yatha," anatero. Kenako anayang'ana Magdalena. "Amayi, chimene ndinkaopa n'chomwechi, ndipo ndachiona tsiku loyamba lomwe."

Magdalena anayamba kulira. Anwar anaimirira, nati, "Amayi, chonde," koma iwo anangokweza dzanja, iye n'kukhala chete. Mayiwo anayamba kuyenda kupita kugalimoto. A Kamtedza anawatsatira ndi maso, akudziwa kuti mayiwo akangolowa m'galimoto n'kutseka chitseko, ukwati wa Tikondwe wathera m'manja mwa atsibweni ake.

Atafika pamene Tikondwe anagwada, mayi Kulusumu anaima.

"Iwe, unadziwa zimenezi?"

"Ayi, amayi."

Anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, ndipo Tikondwe sanabise nkhope ngakhale misozi inali kutsika. Kenako mayiwo analankhula mokweza kuti onse amve.

"Loweruka likudzali Mahmud adzabwera m'mawa ndi mpeni wake, ndipo ine ndidzabwera naye kudzaona ndi maso anga. Tikadzadya, ankhoswe adzakambirane. Koma bambowa ayi. Anena okha zoona, n'chifukwa chake ndikubweranso. Komabe nkhoswe ndi munthu amene ana anga adzathamangirako zinthu zikavuta m'banja, ndipo ine sindingagone tulo podziwa kuti ndi iwowa. Mupeze wina."

Galimoto inanyamuka, fumbi linakhazikika, mabakuli ali chivundukulire pansi pa mango. Amayi a kumpingo anatsanzika mwachangu. Magdalena analowa m'nyumba osayang'ana achimwene ake, ndipo chitseko anachikoka mwamphamvu.

A Kamtedza anakhala pampando, chipewa chili pamaondo. Tikondwe anali ndi mtsibweni wina, mng'ono wawo Elia, mlimi wa fodya amene sukulu analekezera Sitandade 4, amene iwo sankamulola kulankhula pa nkhani iliyonse ya pamtundu. Tsopano Elia ndiye adzakhale kutsogolo pachinkhoswe, ndiye adzalandire nkhuku, ndiye adzapereke mwana amene analera iwo. Zinawawawa kwambiri, ndipo mumtima anadikira kuti Tikondwe anenepo kanthu, kuti popanda atsibweni aakulu iye sangakwatiwe, kapena kuti akawachonderera mayi aja.

Tikondwe anaika jagi pansi, anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kusendera pafupi chogwada.

"Atsibweni, a Elia mukawauza ndinu, kapena ndipite ndekha?"

Anamuyang'ana, ndipo mwanayo sanawonjezere mawu ena.

"Ndipita ndine, mwanangu."

Anavala chipewa n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera kwa mng'ono wawo. Tikondwe anayamba kutolera mbale.